Botolo Limene Ndinadzaza

Botolo lija likadalipo. Lili pamwamba pa kabati m'nyumba mwanga muno, lagalasi lofiirira, lalifupi, lokhala ndi chotsekera chagalasi chobenthuka mbali imodzi. Kapepala kamene kanamatidwa pamimba pake kanayoyoka kalekale, koma ndikalipenda padzuwa ndimaonabe pamene panali guluu. Adzukulu anga amati ndilitaye, ati ndi zinyalala. Ndimawayankha kuti zinyalala ndimazidziwa kuposa iwo, chifukwa ndinakulira kumunsi kwa dzala.

Inali mvula yachitatu chilandirire ufulu, ine ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Tinkakhala ku Ndola, m'komboni ina kuseri kwa mafakitale a ku Heavy Industrial Area, m'mphepete mwa dambo. Komboni imeneyo sinali pamapu a eni tauni. Mkuwa unali ndi mtengo wabwino masiku amenewo, ndipo anthu ankatsika m'sitima tsiku ndi tsiku ndi mitolo pamutu, ambiri ochokera kum'mawa ngati ife. Nyumba za m'tauni zinali za anthu olembedwa ntchito zodziwika. Enafe tinaumba zidina tokha, denga n'kufolera ndi malata a migolo yophwanya. Pawailesi ankaimba kuti dziko ndi lathu tsopano, ndipo ndinkakhulupirira ndi mtima wonse.

Atate ankayendetsa lole yonyamula mkuwa kupita ku Dar es Salaam. Ankatha milungu osaoneka, pobwera ali ndi fumbi mpaka m'makutu. Choncho mwini mbumba pakhomo anali amalume, alongo awo a amayi. Iwo anagwira ntchito pansi pamgodi ku Kitwe zaka zambiri, kufikira chifuwa chinawagwira, mabwana n'kuwauza kuti akapume. Chimene anatulukamo nacho ndi luso lokumba, ndipo luso lonselo analithira pachitsime chathu. Anachikumba okha, chozungulira bwino, m'kati n'kulowetsamo migolo yodula matako kuti dothi lisagumukire. Pamwamba anaikapo chivundikiro chathabwa. Tinkatunga ndi chitini cha palafini chomangirira kuchingwe cha mphira wa tayala. Mabanja asanu ndi awiri ankamwa pamenepo, ndipo aliyense wodzatunga ankayamba wapereka moni kwa amalume. Munthu wochotsedwa ntchito chifukwa cha chifuwa anali ndi chinthu chimodzi chomuchititsa kuyenda mutu uli m'mwamba, ndicho chitsime chimenecho.

Kumtunda kwa komboni kunali chidzenje chimene kale ankakumbamo dothi la njerwa. M'menemo ndimo malole ankakhuthulira zonyansa za tauni yonse. Anzathu Achibemba ankati chishala, ife tinkati dzala. Munkatayidwa zotsala za m'makhitchini a anthu olemera a ku Itawa, migolo ya m'mafakitale yotuluka thovu, mafuta akuda a injini, mabatire osweka, agalu akufa, ndi zina zimene sindingatchule pano. Anafe tinkapitako kukatola mawaya ndi zitini zoseweretsa. Mvula ikagwa, m'dzenjemo munkaima madzi akuda bii, onunkha moti ntchentche zokha ndizo zinkakondwa. Madziwo sankasefukira, komanso dzenjelo silinkadzaza. Mvula inkagwa usana ndi usiku, dzenje osadzaza, ndipo panalibe wamkulu ndi mmodzi yemwe wofunsa kumene madziwo ankapita.

Pofika Khirisimasi madzi a pachitsime anali atasintha. Anayamba ndi kakomedwe, ngati wayamwa msomali wadzimbiri. Kenaka fungo. Ukawasiya m'beseni, pamwamba pankayandama kamafuta konyezimira mitundumitundu. Tiyi ankada wosaikamo masamba ambiri. Bulauzi yanga yoyera ya kusukulu inasanduka yofiirira, amayi n'kumandikalipira kuti ndimagubuduka m'dothi. Kenaka m'mimba munayamba kutsegula, nyumba ndi nyumba, makamaka ana.

Woyamba kuwerenga zizindikirozi anali aphunzitsi athu a pasukulu ya mishoni, mnyamata wowonda wochokera ku Katete, wa njinga yopanda mabuleki. Anaona kuti mabenchi opanda anthu anali a ana a mbali imodzi ya komboni. Tsiku lina anatiuza kuti aliyense abwere ndi madzi a pachitsime chakwawo m'kabotolo ka jamu. Loweruka anayenda okha kuchokera padzala kufika pachitsime chilichonse, akuwerenga mapazi n'kumalemba m'kope. Lolemba anandandalika mabotolo athu pawindo la kalasi, loyamba la chitsime choyandikira dzala, lomaliza la chakutali. Patapita masiku atatu tinaona tokha. Mabotolo a kumapeto anali oyera. A pakati anali otuwa. Anayi oyambirira anali ndi matope ofiira pansi ndi utoto pamwamba, ndipo lathu linali lachiwiri pamzerewo. Ndikukumbukira kuti ndinachita manyazi, ngati kuti ndine ndinadetsa madziwo.

Aphunzitsi anajambula pabolodi dzenje, mizere yotsika pansi pa nthaka, ndi zitsime zathu zitaima panjira ya mizereyo. Anati madzi amayenda pansi monga amayendera pamwamba, kungoti sitiwaona. Kenaka anati, "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko," ndipo analemba kalata kupita ku ofesi ya zaumoyo m'tauni. Anatilonjeza kuti madzi akapezeka oipa, a ku ofesi adzatumiza lole ya thanki ya madzi abwino, ndipo pambuyo pake adzatiikira mpopi.

Kunyumba tinali ndi mwana, kamlongo kanga kakamuna, ka chaka chimodzi ndi miyezi ingapo. Kanali kongoyamba kuyenda, kogwira siketi yanga kulikonse. Amayi anali ndi pakati pena, ndiye anakaletsa kuyamwa monga mwa mwambo, ndipo kankadalira phala ndi madzi. Fungo la pachitsime litayamba, amayi anapatula kamtsuko kakang'ono, kamtsuko ka mwana. M'menemo munkathiridwa madzi a pampopi wa kutchalitchi okha. Tchalitchicho chinali tsidya lina la dambo, ndipo tinkawoloka pamatabwa awiri oyalidwa pamiyala. Ntchito yokatunga inali yanga ndikaweruka kusukulu, chifukwa amayi anali atayamba kulemedwa. Enafe tinkamwa a pachitsime owiritsa, makala akapezeka.

Amalume atamva za kalata ija anapsa mtima mpaka chifuwa chinawatsamwitsa. Mawu awo ndimawamvabe. "Mwana wa sukulu uyu watiitanira moto. Mukawauza kuti madzi ndi oipa, sachotsa dzala, achotsa ife." Iwo anaonapo ku Kitwe nthawi ya azungu, komboni yonse ikugwetsedwa m'mawa umodzi chifukwa wina analemba kuti ndi malo a matenda. Anaona azimayi atakhala pamitolo yawo pamvula. Ndakhala zaka zambiri ndikufuna kuwatcha amalume chitsiru, koma sindingathe, ndipo chimenechi ndicho chimandipweteka koposa. Mantha awo sanali opusa. Anthu anawaphunzitsa ndi zibonga kuti munthu wosauka akadandaula, chimene chimachotsedwa ndi iye mwini. Lamulungu titatuluka m'Misa, amalume anayenda khomo ndi khomo kwa onse okhala ndi zitsime, ndipo anabwerako atakhazikika mtima.

Woyeza madzi anabwera Lachinayi masana, mvula itangokata, aphunzitsi ali m'kalasi ndi ana a masana. Galimoto inaima kumsewu chifukwa cha matope. Sanali mzungu ayi. Anali munthu wakuda ngati ife, wachinyamata, wa kabudula wa khaki wosita bwino, masokosi oyera ofika m'mawondo ndi nsapato zowala. M'manja ananyamula bokosi lathabwa la zipindazipinda, chipinda chilichonse ndi botolo lake. Amalume anamulandira ngati mkamwini wolemera. Anamuikira mpando wokhawo wa pakhomo pakhonde, n'kuyala thumba pansi kuti apondepo.

Chitsime chinali kuseri kwa nyumba, mapazi osakwana makumi atatu. Pakati pake panali matope. Munthu uja anayang'ana matopewo, n'kuyang'ana nsapato zake. Anatulutsa botolo loyamba, naona kuti chotsekera chake n'chobenthuka, n'kuliponya pambali pa khonde. Anatulutsa lachiwiri, nalemba pakapepala kake, kenaka anandikodola ine. Anayankhula m'Chibemba: "Iwe mwaice, kabiye utape amenshi mu cishima." Ndiye kuti, iwe mwana, pita ukatunge madzi pachitsime.

Mapazi makumi atatu! Munthu anaphunzitsidwa ntchito, anapatsidwa galimoto, bokosi ndi mabotolo, ntchito yake yonse inali kutsitsa chingwe m'chitsime ndi dzanja lake. Anaipereka kwa mwana wa zaka zisanu ndi zinayi chifukwa cha masokosi. Ndakalamba, ndakhululukira anthu ambiri, ena ondilakwira zazikulu, koma masokosi amenewo sindinawakhululukire.

Ndinalandira botolo ndi manja awiri n'kuzungulira nyumba. Amalume ananditsatira ngati akukandithandiza chivundikiro. Titafika pakhomo la kukhitchini anandigwira phewa nanena chapansipansi, "Iwe, mlendo sitim'patsa madzi oipa. Tenga a m'kamtsuko ka mwana." Kwa ine zinali zomveka. Ndi mmene tinaleredwera: mlendo amam'phera nkhuku, amam'patsa mbale yosabenthuka, madzi ake amakhala oyera. Ndikanachita manyazi kupereka kwa bwana wovala bwino chotero madzi ofiira aja. Amayi anali m'khitchinimo, mwana ali pamwendo. Anaona ndikuvundukula kamtsuko. Anatsegula pakamwa, n'kuyang'ana alongo awo, n'kutsekanso. Ndinathira mosamala ndi chikho mpaka m'khosi mwa botolo, ndinapukuta kunja kwake ndi nsalu, n'kukapereka nditagwada.

Woyeza uja analipenda kumwamba, nagwedeza mutu mokhutira. Anati ndine mwana waulemu, ndipo anandipatsa switi yofiira ya m'thumba mwake. Ndinaimung'unya pang'onopang'ono tsiku lonse. Atachoka ndinatola botolo lotayidwa lija n'kulibisa kuti ndiziseweretsa. Pakhomo lililonse la chitsime anachita chimodzimodzi, kukhala pampando n'kutuma mwana, ndipo pakhomo lililonse anapatsidwa madzi a kutchalitchi kapena a mvula a mumgolo. Anabwerera m'tauni ndi bokosi lodzaza ulemu wathu, masokosi ali mbee.

Yankho linabwera patatha milungu iwiri, pepala limodzi lotayipa lokhala ndi chidindo. Madzi a m'zitsime zonse ndi abwino kumwa. Thanki siifunika. Aphunzitsi analiwerenga kawiri, nayang'ana mabotolo a pawindo aja, amene tsopano anali ndi ndere. Anatifunsa kuti anatunga ndani, ndipo anatunga kuti. Tonse tinazolika. Tinali titauzidwa kuti za m'nyumba sizipita kusukulu. Analembanso kalata ina, koma anayankhidwa kuti nkhaniyo inatha, ndipo mphunzitsi aziphunzitsa. Tsiku limenelo anatenga mabotolo athu limodzilimodzi n'kumakhuthulira panja pawindo.

Chimene sindichimvetsa mpaka lero ndi ichi. Amalume, amene anadziwa bwino za kamtsuko, anayamba kulikhulupirira pepalalo. Analipinda n'kuliika m'chitini momwe ankasungira mapepala awo a kumgodi. Wina akadandaula za fungo ankati, "Boma layeza. Iwe ndiwe ndani?" Ankanena akuyang'ana munthu m'maso, osaphethira. Makala anali osowa ndi mvula ija, onyowa, ndipo amalume anayamba kuwauza amayi kuti kuwiritsa madzi oyezedwa ndi kutaya makala. Bodza analiumba okha, koma litabwerera ndi chidindo analigwadira.

Mwezi wa Febuluwale mvula inagwa yosalekeza. Dambo linadzaza, ndipo m'mawa wina tinapeza matabwa owolokera apita. Kuzungulira kumsewu waukulu kukafika kutchalitchi unali ulendo wa theka la tsiku, wosatheka kwa mwana wosenza chitini kapena kwa mayi wotsala pang'ono kuchira. Lole ya thanki ikanaima pamsewu pomwe panaima galimoto ya woyeza uja. Sinabwere, chifukwa pepala linati sitikuifuna. Amayi anatchera madzi a padenga, koma denga lathu linali la migolo ya kufakitale, ndipo madzi ake ankatsika ndi utoto wakuda. Kamtsuko ka mwana kanauma. Tsiku lachitatu amayi anathiramo a pachitsime, owiritsa pakamoto ka makala onyowa kamene kankazima madzi asanabwadamuke.

Kamlongo kanga kanayamba kutsegula m'mimba Lachisanu. Loweruka kanali kusanza chilichonse. Maso analowa, liwombo linalowa, ndipo kanaleka kulira n'kumangotsegula kukamwa ngati kamwana ka mbalame. Azimayi oyandikana nafe anabwera ndi mankhwala opaka paliwombo. Lamulungu m'mawa amayi anakabereka kumbuyo, mimba kutsogolo, n'kuyamba ulendo wozungulira wopita kuchipatala, ine ndikutsatira ndi thewera m'manja. Tisanafike pamsewu waphula amayi anaima. Anamasula nsalu, nakayang'ana, n'kukaberekanso bwinobwino, kumutu komwe n'kufunditsa. Tinatembenuka kubwerera kunyumba. Sanalire mpaka titalowa m'komboni. Mwezi umenewo sitinali tokha opita kumanda ndi kabokosi konyamulidwa ndi munthu mmodzi. Atate anafika patapita milungu iwiri, atanyamula tinsapato tamphira timene anagulira mwanayo ku Dar es Salaam.

Atatha masiku a maliro, amayi anandifunsa za botolo lija ndinabisa. Sindikudziwa anadziwa bwanji. Analitsuka, napita nalo pachitsime, natsitsa chitini ndi manja awo, amalume ali chikhalire pakhonde. Madzi analowa m'botolo ofiirira, kamafuta kakuyandama pakhosi. Anavala chitenje chawo cha kutchalitchi nandiuza kuti ndiwaperekeze.

Ku ofesi ya zaumoyo tinadikira pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Potsiriza anatilowetsa, ndipo kuseri kwa tebulo kunali munthu yemwe uja. Anandizindikira, namwetulira, nati ndi kamwana kaulemu kaja. Amayi anaika botolo patebulo. Ananena kuti awa ndiwo madzi enieni a pachitsime, kuti aja oyamba anali a pampopi, kuti mwana wawo wamwalira, ndipo akupempha kuti ayezenso. Ananena zonse, osabisa mbali yawo.

Munthu uja sanalikhudze botololo. Anafotokoza mofatsa, posakaniza Chinyanja ndi Chibemba, kuti lamulo sililola kulandira madzi obwera ndi anthu. "Bamayo, anthu amanama. Madzi ayenera kutungidwa ndi ofisala mwini wake, ndi dzanja lake."

Amayi anali munthu wosakweza mawu, woti ngakhale nkhuku ankaiingitsa mopepesa. Tsiku limenelo mawu awo anamveka mpaka pakhonde. "Nanga tsiku lija munatunga ndinu?"

Munthu uja anatsegula buku lalikulu nawaonetsa mzere. Panalembedwa kuti madzi anatungidwa ndi iye, pachitsime, ndipo anasainira. Amayi sankadziwa kuwerenga. Anachotsa chotsekera chobenthuka chija, nakankhira botolo kutsogolo kwake, fungo n'kudzaza chipinda. "Ngati ndi abwino, imwani, bambo. Ndinu mlendo wathu, takusungirani." Bwana uja sanamwe. Analiza kabelu, mesenjala n'kubwera kudzatitulutsa. Amayi anatseka botolo lawo nandipatsa kuti ndinyamule.

Chitsime anachikwirira ndi amalume eni ake, masiku awiri, ndi fosholo yomwe anachikumbira, akutsokomola, osalola munthu kuwathandiza. Za kamtsuko sanazitchulepo mpaka imfa yawo, ndipo amayi sanawatchulenso kuti achimwene, ankangoti "iwo aja". Komboni sinagwetsedwe. Dzala silinachotsedwe. Mpopi unabwera ine nditakwatiwa kale. Masiku ano ndimaona achinyamata a majombo akubowola timabowo mozungulira madzala a tauni, n'kumabwera nyengo ndi nyengo kudzatunga madzi okayeza. Ndi ntchito yabwino, ndipo ndimaithokoza. Koma ndikawapeza ndimaima, nkhalamba yopanda ulemu, n'kumayang'ana chinthu chimodzi chokha: wagwira chingwe ndani. Ndikaona atuma mwana wa pamalopo ndimakalipa mpaka amandiyesa wamisala.

Zonsezi ndi nzeru za ukulu. Tsiku lija pobwerera kuchokera ku ofesi ndinalibe nazo. Tinkayenda m'mbali mwa mipanda ya mafakitale, amayi patsogolo akupuma movutika, ine pambuyo nditafumbata botolo. Chinkandivuta n'chakuti bwana amene anandiyamikira uja watithamangitsa, ndipo ndinkaopa kuti mwina ndinalakwitsa penapake. Ndinafunsa, "Amayi, kodi tsiku lija ndinadzaza molakwika?"

Anaima osatembenuka. Anati, "Unadzaza bwino, mwanangu. Unachita zimene unauzidwa."

Mtima wanga unakhala pansi, ndipo ndinayamba kudumphadumpha m'njira. Ndinali nditapeza chifukwa chake ndekha: anatikaniza poti chotsekera chinali chobenthuka, paja ndi chomwecho anatayira botololo poyamba. Ndinaganiza zoti m'mawa mwake ndilawirire kudzala, ndikafunefune botolo labwino lopanda chilema, kuti amayi akabwererenso nalo ku ofesi akawalandire.